Mapiritsi Aja Si a BP

Mwana wanga Tiyamike,

Ndakhala pakhonde ndi kope lako lakale la masamu, ndang'amba masamba apakati amene unasiya osalemba. Iwe wapita ku Nambuma kukatsanzika azakhali ako, ndipo ndikuwadziwa, sakumasula usanadye kawiri. Ndiye mpata ndaupeza. Mtedza ndayanika, mbuzi ndamangirira, koma anthu odutsa pamsewu sakundipatsa mtendere. Aliyense akuima n'kufunsa kuti, "Anabanda, eti mawa mwana akupita ku yunivesite?" Ine ndikungoti eya, ngati ndi nkhani yaing'ono, pamene mumtimamu ndikuvina.

Ndimakunyadira, mwanawe, ndipo lero ndikunena mosabisa. Chiyambire mudzi uno, mtsikana wopita ku Blantyre kukaphunzira zomanga misewu ndi milatho ndiwe woyamba. Atsibweni ako anandifunsa dzulo ngati ntchito imeneyo amalola akazi. Ndinawafunsa kuti kodi kamlatho ka kudambo kamene kanawagwetsera ngolo ya fodya chaka chatha kanamangidwa ndi mkazi? Anangoseka n'kusintha nkhani. Madzulo ndinawamva akuuza anzawo pa bawo kuti mdzukulu wawo ndi injiniya, ngati anakuphunzitsa ndi iwo.

Koma sindinang'ambe kope lako kuti ndingokutamanda. Mwambo wathu ukuudziwa: mayi salangiza mwana wake wamkazi za thupi ndi za amuna, amatuma anzake. Utatha msinkhu ndinakupereka kwa amayi Nangozo ndi alangizi ena kutchalitchi, ine n'kukhala panja, ngakhale kuti nanenso ndine mlangizi ndipo ana a eni ndalangiza ambirimbiri. Lero mwambowo ndikuuphwanya. Pali chinthu chimene amayi Nangozo sakanakuuza, chifukwa nawonso sakuchidziwa, ndipo sindingalole kuti ukwere minibasi mawa usanachimve.

Mapiritsi aja ndimamwa m'mawa uliwonse, amene ndinakuuza kuti ndi a BP, si a BP. Ndi ma ARV. Ndili ndi kachilombo ka HIV, ndipo ndakhala nako kuyambira iwe usanabadwe. Iwe ulibe. Werenganso pamenepo: iwe ulibe. Unayezedwa uli wakhanda, unayezedwanso utasiya kuyamwa, ndipo tsiku limene anandiuza komaliza kuti mwana ali bwino ndinayenda pansi kuchokera kuchipatala mpaka kunyumba ndikuimba, iwe uli kumbuyo. Usade nkhawa za ine. Wandiona wekha ndi khasu. Ndani amandisiya pa mzere m'mudzi muno? Kuchipatala amati kachilomboko kagona, sikakuonekanso m'magazi, bola ndisasiye kumwa. Ndakuuza kuti umve mmene ndinafikira apa, chifukwa njira yake ndi yosalala ndipo atsikana abwinobwino amaiyenda osadziwa.

Ndinalakwa koyamba ndili msinkhu wako womwewu, pamene ndinayeza munthu ndi maso. Bambo ako atandifunsira, mudzi wonse unati ndatola mwayi. Anali woimbitsa kwaya, wamkulu kwa ine ndi zaka khumi ndi ziwiri, wathupi labwino, mowa ayi, fodya ankalima koma osasuta. Mkazi wawo woyamba anali atamwalira, anthu ankati ndi chifuwa chachikulu. Masiku amenewo za kuyezetsa magazi zinali zitayamba kumveka pa wailesi, ndipo mnzanga wina anandinong'oneza kumjigo kuti tikayezetse kaye ukwati usanalengezedwe. Ndinapita kwa achimwene anga, atsibweni ako omwewa, amene anali ankhoswe anga. Ndinagwada n'kunena. Iwo anati, "Iwe Nabanda, munthu woimbitsa nyimbo za Mulungu ukufuna kumuchititsa manyazi kwa abale ake? Ukamuona akuoneka wodwala?" Ndinayang'ana pansi n'kuti, "Pepani, achimwene." Nkhani inathera pomwepo. Sankandifunira zoipa, ankasunga ulemu wa mabanja awiri, ndipo ine ndinali nditaphunzitsidwa kuti mtsikana wabwino sabwereza mawu kwa akulu.

Tiyamike, kachilombo sikakhala pankhope. Sikafunsa ngati munthu amaimba kwaya, kaya ali ndi digiri, kaya amavala taye. Mwamuna akadzakufuna, mupite limodzi, mukakhale pa benchi imodzi, zotsatira zake uzione ndi maso ako ndipo iye aone zako. Akadzati, "Ine ndinayezetsa kale mwezi watha," umuyankhe kuti, "Mwachita bwino, ndiye njira mukuidziwa, tiyeni." Akakwiya, wakuyankha kale, usafunsenso. Ndipo bambo ako usawade. Iwonso sankadziwa. Anali munthu wabwino amene sanafunsidwe funso limodzi pa nthawi yake.

Ndinalakwa kachiwiri ndili ndi mimba yako ya miyezi isanu, ndipo uku ndiko kulakwa kumene kumandiwawa mpaka lero. Ndinapita ku sikelo ngati amayi ena onse. Atatiyeza magazi, anamwino anandiitanira m'kachipinda n'kutseka chitseko. Zambiri zimene ananena sindinazimve, m'makutu munali phokoso lokhalokha. Ndinamva izi zokha: "Mayi, mwanayu tikhoza kumuteteza. Mutsatire zamankhwala zimene tikuuzeni, ndipo mudzachilire kuno, osati kwa azamba." Pamenepo ndinamvera. Apongozi anga anakalipa kuti ana onse a m'banjamo anabadwira kwa azamba, ine ndayamba matama. Ndinawasiya akukalipa, tsiku litakwana ndinakwera ngolo. Chimenecho ndinachita bwino, ndipo ndikakuona ukuyenda ndimadziwa kuti ndinachita bwino. Koma bambo ako sindinawauze. Ndinkaopa kuti adzati ndabweretsa ndine, andibweza kwathu ndi khanda m'manja. Ndinkati ndinena tikakolola, tikakolola ndinkati ndinena fodya akagulidwa, ndipo zaka ziwiri zinadutsa chomwecho. Atayamba kuonda anthu anati ndi fumbi la m'chigafa cha fodya, ena anati awalodza chifukwa cha fodya wawo wabwino. Ine ndinkadziwa, ndipo ndinkawaphikira phala ndili chete.

Tsiku limene ndinawauza anali atagona pamphasa pansi pa mtengo wa mango, mphamvu zitatha. Ndinayembekezera kuti akalipa. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Nabanda, bwenzi utandiuza kale. Ndikanapita kuchipatala." Anapitadi, mankhwala anayamba, koma thupi linali litafooka kwambiri. Anatisiya iwe uli ndi zaka zinayi. Ndimawasowa, mwanawe, ndipo sindinadzikhululukire kwenikweni.

Ndiye ndikuti manyazi asadzakutsekere pakamwa ngati mmene ananditsekera ine. Chikadzakuchitikira chinthu, kaya kondomu yang'ambika, kaya unagona ndi munthu amene sukudziwa mmene alili, kaya wina wakugwirira, Mulungu atalikitse zimenezo, usadzitsekere m'chipinda. Pita kuchipatala tsiku lomwelo. Pali mankhwala otchedwa PEP amene amatchinga kachilombo kasanakhazikike, koma amafuna kuti uyambe masiku atatu asanathe, ndipo kufulumira ndiye kwabwino. Usadikire kuti manyazi athe kaye, satha. Ukatuluka kuchipatalako undiimbire. Sindidzakufunsa kuti unkafunanji kumeneko. Ndidzakufunsa ngati wadya, kenako ndidzakwera basi.

Kulakwa kwachitatu ukukudziwa, ngakhale sunkadziwa dzina lake. Chipatala tili nacho pompano pa Kabudula, koma ine mankhwala anga ndakhala ndikukatengera ku Namitete, kabaza mpaka ku Nsaru, kuchoka apo kudikira galimoto padzuwa, tsiku lathunthu kupita ndi kubwera. Chifukwa chake chinali chimodzi: pa Kabudula akanandiona amayi a mumpingo. Mlangizi pa mzere wa ma ARV! Ndinkaona ngati dziko lingathe. Chaka china mvula inadula msewu ndipo ndinakhala sabata yathunthu wopanda mankhwala, chipatala chili pafupi chonchi. Iwe uli mu Sitandade 6 unandifunsa ndikuvala nsapato kuti, "Amayi, kodi BP yanu imadana ndi chipatala chapafupi?" Ndinakukalipira kuti usamalowerere za akulu. Pepa, mwanawe. Funso lako linali lanzeru kuposa ulendo wanga.

Ndipo mutu wako umenewo ndi umene ndikudalira. Sunasinthe. Mjigo wathu utafa, abambo atatha masiku awiri akuuzungulira n'kumakangana, iwe unangofunsa kuti, "Mwaonamo m'kati?" Anakuseka, koma pomaliza anamasula, n'kupeza karabala kakang'ono katatha. Umafuna kuona ndi maso ako, ndipo suopa kufunsa. Khalidwe limenelo ndinkalimbana nalo uli mwana, ndinkati ndi mwano. Lero ndikuti upite nalo, usalisiye pakhomo pano.

Kulakwa kwachinayi ndinalakwira mwana wa eni. Dzina lake sindilemba, chifukwa nkhaniyi ndi yake. Tinali pa chilangizo, atsikana atakhala pamkeka m'kalasi ya Sande sukulu, ine ndikuwaphunzitsa za kudzisunga. Mtsikanayo, wazaka khumi ndi zisanu, anakweza dzanja n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Amayi, nanga munthu akalephera kudzisunga, kondomu imathandiza?" Ine, amene m'mawa womwewo ndinali nditameza piritsi langa mobisa, ndinamuyankha kuti, "Mwana wa Mkhristu safunsa zimenezo. Tsitsa dzanja." Anzake anaseka. Iye anatsitsa dzanja n'kuweramitsa mutu.

Patapita zaka zitatu, ndikufika pa benchi ku Namitete, ndinamupeza atakhala ndi buku lake la kuchipatala m'manja. Nayenso ankathawa maso a kwathu, monga ine. Anali atakodwa ndi bambo wina wogula soya, wanjinga yamoto, amene ankamunyamula popita ku sekondale. Tinayang'anizana. Iye anati, "Amayi alangizi, inunso?" Ndinati, "Inenso, mwanangu." Kenako iye anati, "Paja ndinakufunsani tsiku lija." Sananene mokwiya ayi, anangonena. Ndinalira pa benchi pomwepo, anthu akundiona, ndipo anali iyeyo amene anandigwira dzanja. Panopa ali bwino, amamwa mankhwala ake, ali ndi shopu yake ndi mwana wathanzi. Koma yankho lija ndikanamupatsa tsiku lija, mwina sakanakhala pa benchi imeneyo.

Kuchokera pamenepo ndinasintha kaphunzitsidwe. Ukukumbukira miyezi ija ndinasiya kupita ku chilangizo, iwe n'kumaganiza kuti ndakangana ndi amayi Nangozo? Sizinali choncho. Akulu a mpingo anandiitana. Mmodzi anati, "Anabanda, tamva kuti mukuphunzitsa ana chiwerewere." Ndinayankha ndili chogwada, koma mawu sindinatsitse. Ndinati, "Abambo, kudzisunga ndimaphunzitsa ndipo sindidzasiya. Koma mtsikana akadwala amamusambitsa ndife amayi, akamwalira amachezera ndife. Akandifunsa funso, ndimuyankha." Anandiimitsa miyezi itatu. Amene anapita kukadandaula kwa abusa kuti ndibwerere anali amayi omwe aja ndinkawathawa pa Kabudula. Wina anandiuza pa chitsime kuti, "Zimene ife timalephera kuuza ana athu, inu muziwauza." Sankadziwa kuti wangayo ndinali ndisanamuuze.

Ndiye tamvera, ndikuyankhe iwe funso limene ndinakana kuyankha mwana uja. Chimene mtima wanga ukufuna n'chakuti udzisunge, umalize sukulu, udzalowe m'tchalitchi muno ndi mwamuna amene mwayezetsa limodzi, ine ndikululuta nthungululu mpaka mawu atatha. Ndimapempherera zimenezo. Koma ndinakhalapo mtsikana, ndipo ndikudziwa kuti mtima ukakonda sukumbukira zonse za pa chilangizo. Ngati zidzafika pamenepo, kondomu imathandiza. Imathandiza nthawi iliyonse, osati tsiku loyamba lokha, kenako n'kumati tazolowerana. Ukhale nayo iwe mwini, usadalire thumba la mwamuna. Palinso mankhwala otchedwa PrEP, amene munthu wopanda kachilombo amalandira kuti atetezeke. Ukaona kuti mwamuna amene uli naye sukumumvetsa bwino mayendedwe ake, kafunse kuchipatala za mankhwalawo, ndipo usapemphe chilolezo kwa wina aliyense. Koma mwamuna amene akukuchititsa kukayika choncho, udzifunsenso ngati ndi wofunika kumusunga. Mawu amenewa andivuta kulemba, mlangizi wamkulu ine, koma ndalemba.

Za azibambo amagalimoto ndisakubisire. Kuno amabwera nyengo ya fodya, ku tauni amakhalako chaka chonse, ndipo ndimamva kuti Lachisanu amaima pa geti la sukulu ngati akudikira ana awo. Sayamba ndi zoipa. Amayamba ndi "mwana wanga", kenako kukuperekeza, kenako foni. Iwe udzakhala ndi nsapato ziwiri pamene anzako ali nazo khumi, ndipo masiku ena udzagona ndi tiyi wopanda mkaka. Zidzakuwawa, sindikukana. Koma usadzachite manyazi ndi kwanu. Ukaperewedwa undiuze ine, mtedza ulipo, nkhuku zilipo, ndipo manja angawa sanatope. Bambo wamkulu amene akupatsa zinthu sudzatha kumuuza kuti tikayezetse, sudzathanso kumuuza za kondomu, chifukwa pakamwa pako adzakhala atagula kale. Ngakhale atakhala mphunzitsi wako n'kukuuza kuti mayeso ako ali m'manja mwake, usapite wekha kumene wakuitanira. Tenga mnzako, sunga mauthenga ake, ukanene kwa akuluakulu a sukulu. Unakhoza wekha kuchokera Sitandade 1, sukufunika kugula malikisi ndi thupi.

Tinakuphunzitsa kugwada, kulandira ndi manja awiri, kuyang'ana pansi akulu akamayankhula. Ndi ulemu wabwino, ndipo ndimasangalala anthu akamati mwana wa Anabanda ndi waulemu. Koma ulemu umenewo ndi umene unandigwaditsa ine pamaso pa achimwene n'kunena pepani pamene ndinali ndisanalakwe. Pa nkhani ya thupi lako palibe wamkulu. Kaya ndi wa imvi, kaya ndi bwana, kaya ndi m'busa, umuyang'ane m'maso n'kunena kuti ayi, mokweza, kuti ndi a panja amve. Akakutcha wamwano, udzati unatengera amayi ako atakalamba.

Chinanso, usadzanyoze munthu amene ali ndi kachilombo, popeza tsopano ukudziwa kuti wakulera ndi mmodzi wa iwo. Mnzako wa m'chipinda ukadzamuona akumeza piritsi mobisa, usamufunse pagulu, ungomusonyeza kuti pa iwe palibe choopa. Ndipo ukadzakonda mwamuna amene wakuuza yekha kuti ali nako, amamwa mankhwala mokhulupirika ndipo achipatala atsimikiza kuti sikakuoneka m'magazi, usathawe ngati waona njoka. Mupite limodzi kwa adokotala akakufotokozereni. Woopsa si amene wakuuza, woopsa ndi amene akukana kudziwa. Iwenso uziyezetsa, ngakhale ukuona kuti palibe chifukwa, kuti chizikhala chizolowezi ngati kupita kokayezetsa malungo.

Dzuwa lapendeka, ndipo cholembera chayamba kukana. Ndatsala ndi mantha amodzi, ndiwanene. Sindiopa kachilombo, takhala limodzi zaka zambiri ndipo tikudziwana. Ndimaopa nkhope yako. Zaka zonsezi wakhala ukundiona ngati mayi wolimba, wovala zoyera za amayi a mumpingo Lachinayi, wolangiza ana a anthu, ndipo ndimaopa kuti ukawerenga izi udzaona mayi wabodza amene anakunamiza kuyambira uli mwana. Ngati wakwiya, uli ndi chifukwa. Kwiya, koma malangizowa utenge.

Poyamba ndinaganiza zoika kalatayi pansi pa bulangeti m'sutikesi mwako, kuti ukaipeze uli ku Blantyre, ine ndili kutali. Ndaona kuti kumeneko n'kubisala komwe kuja. Ndikupatsa pamanja lero lomwe, usanalongedze. Ukawerengere kuchipinda kwako. Ine ndikhala pompano pakhonde, sindipita kwa aneba, sindinamizira ntchito. Ukamaliza tuluka, udzakhale pafupi nane, undifunse chilichonse chimene ukufuna, ngakhale chimene mwana safunsa mayi ake. Ndikuyankha zonse, ndikukuyang'ana m'maso.

Ndine amene ndinakubala ndipo ndimakunyadira,

Amayi ako,
Nabanda